Kodi FAM ndi ya ndani? Mafunso ndi mayankho okhudza bungwe loyendetsa mpira wamiyendo m'Malawi

Flames ikagonja, dzina loyamba kutchulidwa m'minibasi, pamsika ndi m'mapologalamu oimba foni pawailesi limakhala la FAM. Bwalo likatsekedwa, FAM. Oyimbira akapereka penate yokayikitsa, FAM. Osewera akadandaula kuti kalabu yawo yatha miyezi itatu osawalipira, FAM yomweyo. Milandu ina ndi yakedi, koma ina imangosenzera eni ake. Nawa mafunso omwe okonda mpira amafunsa kawirikawiri.

FAM ndi chiyani, ndipo imapezeka kuti?

Dzina lake lonse ndi Football Association of Malawi. Ndi bungwe lomwe FIFA (yoyang'anira mpira padziko lonse) ndi CAF (yoyang'anira mpira mu Africa) amalidziwa kuti ndilo likuyang'anira mpira wamiyendo m'dziko muno: wa abambo, wa amayi, wa achinyamata ndi wa pamchenga. Dziko lililonse limaloledwa kukhala ndi bungwe limodzi lokha lotere. Ku Zambia kuli FAZ, ku Zimbabwe ZIFA, ku South Africa SAFA. Likulu la FAM lili ku Chiwembe, ku Limbe mumzinda wa Blantyre, pamalo otchedwa Mpira Village, pomwe pali maofesi, malo ogona osewera akakhala kukampu, ndi bwalo la Mpira Stadium.

Inayamba liti?

Inakhazikitsidwa mu 1966, patangotha zaka ziwiri dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Zaka za m'ma 1960 zisanathe inali italowa kale mu FIFA ndi mu CAF.

Mpira wokha unafika kalekale FAM isanabadwe. Unabwera ndi azungu a mishoni ndi atsamunda, n'kumera mizu m'masukulu, kupolisi, kuusilikali ndi m'makampani a ku Blantyre, Limbe ndi Zomba. Nthawi ya Nyasaland tsankho linafika mpaka pabwalo, moti azungu anali ndi mipikisano yawo, anthu akuda nawonso yawo. Timu ya dziko inasewera masewero ake oyamba mu 1957 ndi Northern Rhodesia, yomwe lero ndi Zambia, ndipo inagonja 5-0. Mu 1962 kunabwera Ghana ya nthawi ya Kwame Nkrumah n'kutithira zigoli 12 kwa duu. Mpaka lero palibe dziko lina lomwe linatichita chipongwe choposa chimenecho. Umenewo ndiwo mpira womwe FAM inaulandira: wongoyamba kumene kukwawa.

Nanga ntchito yake yeniyeni ndi yotani?

Yomwe aliyense amaiona ndi yoyendetsa matimu a dziko: Flames (ya abambo), Scorchers (ya amayi), matimu a achinyamata ndi timu ya mpira wa pamchenga. FAM ndiyo imalemba ntchito mphunzitsi, kuitanitsa osewera kumakalabu awo, kugula matikiti a ndege, kulipira hotela ndi maalawansi, ndi kulembetsa matimuwa m'mipikisano ya COSAFA (bungwe la mpira la mayiko a kum'mwera kwa Africa), CAF ndi FIFA.

Koma ntchito yochuluka ndi ya mapepala, yosaoneka pa TV. Wosewera aliyense wa m'ligi yovomerezeka amayenera kukhala m'kaundula wa FAM. Mnyamata akagulidwa ndi timu ya ku South Africa kapena ku Mozambique, sangaponde pabwalo kumeneko FAM isanatulutse chikalata chomusamutsa. FAM imachititsa maphunziro a aphunzitsi ndi oyimbira, imayendera mabwalo n'kunena loyenera ndi losayenera, imapereka ziphaso kumakalabu ligi isanayambe, ndipo imakonza kalendala ya chaka chonse kuti ligi, zikho ndi masewero a Flames zisawombane. Imaweruzanso milandu: masapota ogenda basi ya anzawo, wosewera yemwe wasaina makontrakiti ndi matimu awiri, kalabu yomwe yachotsa mphunzitsi osamulipira. Zikho zikuluzikulu monga Airtel Top 8, FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup zakhalanso zikuyendetsedwa ndi FAM.

Kodi FAM ndi Sulom si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe ambiri amasokonezera. Sulom, kapena kuti Super League of Malawi, ndi bungwe la makalabu a m'ligi yaikulu, yomwe inayamba mu 1986 ndipo kwa zaka zambiri yakhala ndi matimu 16. Sulom ili ndi mtsogoleri wake, komiti yake ndi ofesi yake. Ndiyo imatulutsa ndandanda wa masewero a ligi, kusunga mapointi ndi kulanga olakwa m'ligimo. Kuchokera mu 2007 ligiyi inadziwika ndi dzina la kampani ya TNM kwa zaka zoposa 15, mpaka ana ena anakula akuyesa kuti TNM ndilo dzina la ligi.

FAM ndi kholo, Sulom ndi mwana. Kalabu ikapanda kukhutira ndi chigamulo cha Sulom imakachita apilo ku FAM. Komatu ndi mwana womera ndevu, yemwe nthawi zina amabweza mawu kwa bambo ake.

Pansi pa ligi yaikulu pali mabungwe atatu a m'zigawo, kum'mwera, pakati ndi kumpoto, omwe amayendetsa maligi ang'onoang'ono. Nawonso ndi ana a FAM.

Amasankha mtsogoleri wa FAM ndani? Ine sapota ndingavote?

Simungavote, ngakhale mutakhala kuti simunajombepo masewero a Maule (Bullets) kapena Manoma (Wanderers) kuchokera nthawi ya Kinnah Phiri. Ovota ndi nthumwi za mabungwe omwe ali pansi pa FAM, ndipo chisankho chimachitika zaka zinayi zilizonse. Pa chisankho cha 2023 mavoti onse analipo 36 basi. Sulom inali ndi 8. Mabungwe atatu a m'zigawo anali ndi 6 lililonse, onse pamodzi 18. Otsalawo 10 anagawidwa awiriawiri kwa bungwe la mpira wa amayi, la achinyamata, la oyimbira, la aphunzitsi ndi la mpira wa pamchenga.

Tayang'anitsitsani masamuwo. Amene wakopa zigawo zitatu ali kale ndi theka la mavoti, wangotsala ndi limodzi kuti apambane. N'chifukwa chake nkhondo yeniyeni ya mpando wa FAM imamenyedwa miyezi ingapo tsiku lovota lisanafike, pa zisankho za m'zigawo zomwe nyuzipepala zimangozilemba pakangodya ka tsamba lomaliza. Ndipo munthu sangaime nawo pokhapokha bungwe lina mwa amenewa litapereka dzina lake.

Kwa ine, bala la mpira wathu lili apa. Anthu 36 akhoza kukwana m'basi imodzi mipando ina n'kutsala. Amene ali pampando amawadziwa onse ndi mayina awo, amakumana nawo m'misonkhano chaka chonse, pomwe wopikisana naye amayambira panja pa mpanda. Mamiliyoni a anthu omwe amagula matikiti ndi kumvera mpira pawailesi alibe poponya mawu awo, kupatula kukuwa pabwalo ndi kulemba pa Facebook. Vutoli si la Malawi yekha ayi. Ngakhale mtsogoleri wa FIFA amasankhidwa ndi mabungwe 211 okha, dziko lililonse voti imodzi.

Ndani wakhalitsa pampandowu?

Walter Nyamilandu, yemwe kale anali wotseka kumbuyo ku Wanderers ndi ku Flames. Anakhala mtsogoleri wa FAM kuchokera mu 2004 mpaka mu 2023, zaka 19. M'nthawi yake Flames inapita kawiri ku mpikisano wa Africa Cup of Nations, ku Chiwembe kunamangidwa zambiri zomwe zilipo lerozi, ndipo mu 2018 iye mwini anasankhidwa kulowa m'komiti yaikulu ya FIFA atagonjetsa Danny Jordaan wa ku South Africa, yemwe anatsogolera zokonzekera World Cup ya 2010. Palibe Mmalawi wina yemwe anafikapo pamenepo iye asanafike.

Omutsutsa ankati wakhalitsa, ndipo kuti zaka zonsezo makalabu anali osaukabe, mabwalo ali chikhalire. Pa 16 Disembala 2023, mumzinda wa Mzuzu, Fleetwood Haiya anamugonjetsa ndi mavoti 23 kwa 13. Haiya anachokera ku Nyasa Big Bullets, n'kudzera pa utsogoleri wa Sulom. Mwana wa ndevu uja anatenga mpando wa bambo ake.

Bwanji boma silimangochotsa akuluakulu a FAM zinthu zikavuta?

Chifukwa FAM si nthambi ya boma, ndipo nduna ya zamasewero ilibe mphamvu zochotsa munthu yemwe sinamulembe ntchito. Malamulo a FIFA amaletsa boma kulowerera pa kayendetsedwe ka bungwe la mpira, ndipo chilango chake ndi kuimitsa dziko lonse.

Chitsanzo chili pafupi. Mu Novembala 2021 bungwe la boma loyang'anira zamasewero ku Zimbabwe linaimitsa komiti ya ZIFA. Mu Febuluwale 2022, patangotha milungu ingapo timu yawo ya Warriors itagonja kwa Flames ku Cameroon, FIFA inaimitsa Zimbabwe, pamodzi ndi Kenya yomwe inali ndi mlandu wofanana. Warriors sinapikisane nawo pa masewero achipulula a Africa Cup of Nations yotsatirayo, makalabu awo sanapite kunja, ndipo chiletsocho chinachotsedwa mu Julayi 2023. Amene anavutika kwambiri ndi osewera, omwe mkanganowo sunkawakhudza n'komwe.

Izi sizikutanthauza kuti FAM ndi boma sizidziwana. FAM inalembetsedwa ku Malawi National Council of Sports monga mabungwe ena onse a zamasewero, ndipo ndalama za boma zothandizira Flames zimadzera kumeneko. Nthawi ina FAM inalengeza kuti ikuchotsa Flames m'masewero achipulula chifukwa chosowa ndalama, ndipo inabweza ganizolo boma litalowererapo. Ndiye FAM ili ngati mwana yemwe anamanga nyumba yake n'kuuza makolo kuti asamulamule, koma nsima akudyabe kwa mayi ake. Mbali zonse ziwiri zimadziwa zimenezi, n'chifukwa chake kulozana zala sikutha.

Ndalama za FAM zimachokera kuti?

Thumba lalikulu ndi la FIFA. Nthawi ya Sepp Blatter kunali pologalamu ya Goal, yomwe inayamba mu 1999 ndipo inathandiza mayiko osauka kumanga maofesi ndi malo ophunzitsira mpira. Gianni Infantino atalowa mu 2016 anabweretsa FIFA Forward, ndipo m'gawo la 2023 mpaka 2026 bungwe lililonse likhoza kulandira ndalama zofika madola 8 miliyoni a ku America pa zaka zinayizo. Mukazisintha m'makwacha mutu umazungulira, koma ndalamazi zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake: zina zoyendetsera ofesi, zina za zitukuko zomwe FIFA yavomereza, zina za mpira wa amayi ndi achinyamata, ndipo zimafufuzidwa chaka ndi chaka. Sizingatengedwe zonse kukalipira mabonasi a Flames.

Kenaka pali thandizo la CAF, la boma, la makampani monga FDH Bank yomwe yathandiza Flames kwa zaka zingapo, ndi kagawo ka ndalama zapachipata.

Chimene chimadya ndalama kwambiri ndi maulendo. Kupita kukasewera kuzambwe kwa Africa kumafuna kudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndi gulu la anthu oposa 30, ndipo matikiti ndi hotela zimawerengedwa m'madola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti yomwe inkakwanira maulendo angapo inayamba kuthera panjira.

Ndalama yomwe ndimalipira pachipata imapita kuti?

Imadutsa m'manja ambiri isanafike kukalabu yanu. Choyamba amachotsa zolipira apolisi, achitetezo a pabwalo, ogulitsa matikiti, osindikiza matikitiwo ndi achipatala. Zotsalazo ndiye zimagawidwa. Kwa zaka zambiri pa masewero a ligi mwini bwalo wakhala akutenga gawo limodzi mwa magawo anayi, matimu awiri aja n'kugawana theka, ndipo zotsala n'kupita ku FAM, Sulom ndi Sports Council.

Dandaulo la makalabu ndi lakale ngati mpira womwewo: bwalo ladzadza mpaka anthu ena ali m'mitengo, koma chiwerengero cha ndalama chikalengezedwa mumadzifunsa ngati munali pabwalo lomwelo. Zifukwa zake aliyense wopita kumpira amazidziwa. Pali matikiti achinyengo, olumpha mpanda, ndi mabwana olowa ulere ndi abale awo. Tsiku lina ndili pamzere pabwalo lina ndinaona mnyamata wa pakhomo akulandira tikiti osaing'amba, n'kuipereka chakumbuyo kwa mnzake yemwe anathamanga nayo kukaigulitsanso. Tikiti yomweyo ndinaiona ikubwerera kawiri ndisanalowe. N'chifukwa chake nkhani yogulitsiratu matikiti tsiku lisanafike, kudzera m'mabanki ndi pafoni, imabwerabwera chaka chilichonse.

Bwanji FAM simakonza mabwalo?

Chifukwa ambiri si ake. Kamuzu Stadium ku Blantyre ndi Bingu National Stadium ku Lilongwe ndi a boma. Mzuzu Stadium ndi ya khonsolo ya mzinda, Nankhaka ndi ya apolisi, Silver Stadium ndi ya Reserve Bank. Mphamvu ya FAM ndi yoyendera bwalo n'kulitseka likakhala losayenera, osati yokonza zimbudzi za mwini wake.

Pa masewero a pakati pa mayiko woyendera ndi CAF, ndipo iyo siyang'ana nkhope. Mu 2021 inakana mabwalo athu onse, kuphatikizapo Bingu lomwe linatsegulidwa mu Januwale 2017 ndipo limalowa anthu pafupifupi 41,000. Flames inakasewera masewero ake apakhomo a chipulula cha World Cup ku Orlando Stadium mumzinda wa Johannesburg. Kumeneko inagonjetsa Mozambique 1-0, ndi chigoli cha Richard Mbulu, ife kuno tikumvera pawailesi masewero omwe pamapepala analembedwa kuti ndi apakhomo pathu. Bwalo la zaka zinayi zokha kukanidwa chifukwa chosasamalidwa ndi manyazi a boma kuposa a FAM, ngakhale kuti zitonzo zambiri zinapita ku Chiwembe.

Akuluakulu amati kale mpira unali mpira. Ndi zoona kapena ndi kukumbuka unyamata chabe?

Zikho zikuwaikira umboni. Flames inatenga chikho cha mayiko a kuvuma ndi pakati pa Africa, cha CECAFA, katatu. Mu 1978 kuno kwathu inagonjetsa Zambia 3-2 m'ndime yotsiriza, mphunzitsi ali Ted Powell wa ku England. Mu 1979 inakachiteteza ku Kenya pogonjetsa eni nthaka, ndipo mu 1988 inachitenganso pakhomo, itagonjetsanso Zambia yomweyo. Mu 1987 inabwera ndi mendulo ya nambala 3 kuchokera ku All-Africa Games ku Nairobi itagonjetsa Cameroon. Iyi ndi mibadwo ya Kinnah Phiri, yemwe anamwetsa zigoli 71 mu yunifomu ya dziko, ya Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Ernest Mtawali.

Koma tisafulumire kunena kuti FAM ya nthawi imeneyo inali ndi nzeru zoposa ya lero. Chimene chinalipo ndi makampani. Mayina a matimu okha akufotokoza: Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers, Admarc Tigers, Sucoma, MDC United, Hardware Stars. Wosewera ankalembedwa ntchito pakampani, m'mawa n'kukhala ku ofesi kapena kufakitale, masana kupita kokonzekera, mwezi ukatha n'kulandira malipiro. Mpira wa m'masukulu unalinso wamphamvu, ndipo mwana waluso ankaoneka msanga. Chuma chitasintha m'zaka za m'ma 1990, makampani ambiri aboma atagulitsidwa kapena kutha, matimu ena anafera pomwepo ndipo ena anasanduka opemphetsa. Matimu omwe anakhalabe ndi podalira ndi a asilikali, apolisi ndi a banki. Dzenje limenelo FAM yakhala ikuyesa kulikwirira ndi lamulo la ziphaso za makalabu, lokakamiza timu iliyonse kukhala ndi ofesi, makontrakiti olembedwa, mabuku a zachuma ndi timu ya achinyamata. Papepala zimaoneka bwino. Koma chiphaso sichibala ndalama.

Flames yapitako kangati ku Africa Cup of Nations?

Katatu: 1984, 2010 ndi mpikisano wa 2021 womwe unaseweredwa kumayambiriro kwa 2022 chifukwa cha Covid-19.

Mu 1984 ku Ivory Coast inagonja kwa Algeria ndi Ghana, n'kulepherana ndi Nigeria 2-2. Kenaka kunali zii kwa zaka 26.

Wotibwezako anali Kinnah Phiri yemweyo, tsopano ali mphunzitsi. Ulendowo anthu amaukumbukira pa tsiku lija la mu Juni 2008 pomwe Chiukepo Msowoya anagoletsa nthawi itatha pa Kamuzu Stadium, Egypt yomwe inali ndi chikho cha Africa n'kugwa 1-0. Ku Angola mu Januwale 2010 Flames inakuntha Algeria 3-0, zigoli za Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda, Algeria yomwe inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chomwecho. Tsoka ilo tinagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera.

Ulendo wachitatu unatsegulidwa ndi chigoli cha Mbulu pogonjetsa Uganda 1-0 mu Malichi 2021, mphunzitsi ali Meck Mwase. Ku Cameroon tinagonja kwa Guinea 1-0, tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, ndipo tinalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, yomwe pamapeto pake inatenga chikhocho. Penate yomwe oyimbira anapatsa Flames pa masewero a Senegalwo kenaka n'kuibweza atakaoneranso pa kanema wa VAR, ena mpaka lero sanaikhululuke. Kwa nthawi yoyamba Flames inadutsa ndime ya m'magulu. Pa masewero ndi Morocco, mphindi zoyambirira zomwe, Gabadinho anaona goloboyi Yassine Bounou atasuntha pang'ono pagolo, n'kuumenya ali kutali kwambiri. Kumene ndinkaonera ine, m'kachipinda ka vidiyo kofolera malata, benchi inathyoka ndipo mwini wake sanafunse za kulipira. Morocco inabweza n'kupambana 2-1, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho inafika mu semifainolo ya World Cup.

Tayang'anani mipata yake: zaka 26, kenaka 12. Zikuonetsa kuti timapita tikapeza mwayi wa gulu limodzi la anyamata aluso obadwa nthawi imodzi, osati chifukwa pali njira yomwe imatulutsa osewera chaka ndi chaka. Pa mlandu uwu FAM singathawe.

Bwanji aphunzitsi a Flames sakhalitsa?

Chifukwa kuchotsa mphunzitsi n'kosavuta kuyerekeza ndi kukonza zonse tatchulazi. Chichokereni Kinnah mu 2013 mpandowu wadutsa m'manja mwa Eddington Ng'onamo, Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden, Meck Mwase, Mario Marinica, Patrick Mabedi, mpaka Kalisto Pasuwa wa ku Zimbabwe. Mkangano umangozungulira pamodzimodzi: wakunja akalephera timati tipatse mwana wa kwathu, wa kwathu akalephera timati tikufuna wakunja. Nthawi zina kuchotsako kumadula kuposa kusunga. Mwase atachotsedwa mu 2022 anakasuma kubwalo la milandu ya pantchito ndipo anapambana.

Oyimbira ali pansi pa ndani?

Ali ndi bungwe lawo, lomwe ndi limodzi mwa ana a FAM, koma kuwaphunzitsa, kuwayesa mphamvu zothamanga ndi kutumiza mayina awo ku FIFA kuti apatsidwe baji ndi udindo wa FAM. Tili nawo otinyaditsa. Bester Kalombo anayimbirapo ku Africa Cup of Nations, ndipo Bernadettar Kwimbira ananyamula mbendera pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi 2019 komanso pa Olympics.

Tili nazonso zochititsa manyazi. Mu 2017 oyimbira anayi anapatsidwa chilango chosadzayimbiranso pa nkhani ya ziphuphu pa masewero a Carlsberg Cup a Nchalo United ndi Chitipa United. Nkhaniyo inamveka mpaka kunja, makamaka chifukwa cha kuchepa kwa ndalama yake, K15,000, komanso momwe inaululikira: timu yomwe akuti inapereka ndalamayo inagonjabe pa mapenate, n'kuyamba kuitanitsa ndalama zake. Anthu anaseka, koma funso linatsala ndi lakuti oyimbira wa m'ligi yaing'ono amalandira zingati kuti ndalama yotereyi imugwetse m'mayesero.

Nanga mpira wa amayi FAM imaulabadira?

Kwa nthawi yaitali unali mwana wamasiye, wokumbukiridwa FIFA ikafunsa malipoti. Amene anasintha zinthu ndi atsikana eni ake, makamaka awiri a banja limodzi ochokera ku Rumphi. Tabitha Chawinga anadzera ku Sweden ndi China, anakhala womwetsa zigoli zambiri m'ligi ya Italy ali ku Inter, kenaka n'kupita ku Paris Saint-Germain ndi Lyon ku France. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi ya ku America ali ku Kansas City Current. Palibe wosewera wamwamuna wa kuno yemwe anafikapo pamlingo umenewo.

Mu Okutobala 2023 Scorchers inatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1 ku South Africa, mphunzitsi ali Lovemore Fazili. Flames inafikapo m'ndime yotsiriza ya chikho cha COSAFA mu 2002 ndi 2003 koma maulendo onse awiri inabwerako chimanjamanja, ndiye amayi ndiwo anayamba kuchibweretsa. Mu Okutobala 2025 anagonjetsa Angola n'kudzipezera malo ku mpikisano wa amayi wa Africa kwa nthawi yoyamba.

Tinachoka bwanji ku CECAFA kupita ku COSAFA?

CAF inagawa Africa m'zigawo, ndipo Malawi ali m'chigawo cha kum'mwera. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti COSAFA inabadwira kuno ku Malawi mu 1983, ngakhale kuti chikho chake cha matimu akuluakulu chinayamba mu 1997. Ku CECAFA tapitako maulendo angapo pambuyo pake, koma ngati alendo oitanidwa.

Za ana ang'onoang'ono FAM ikuchitapo chiyani?

Pali maligi a achinyamata, malo ophunzitsira mpira ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu, ndi mapologalamu a m'masukulu othandizidwa ndi FIFA ndi CAF. Timu ya osapitirira zaka 17 inafikapo ku World Cup ya msinkhu wake mu 2009 ku Nigeria, mwayi womwe unabwera Niger itachotsedwa chifukwa chosewetsa wopitirira zaka. Matenda onama zakawa ndi a Africa yense, ife tomwe, ndipo masiku ano CAF imajambula fupa la padzanja ndi makina a MRI mwana asanaloledwe kusewera. Mnyamata wa zaka 21 wosewera ndi ana a zaka 16 amaoneka katswiri lero, koma pofika ku Flames amakhala atatha kale, ndipo mwana weniweni uja anasiya mpira atasowa malo.

Tili ndi timu kumudzi kwathu. Tingalowe bwanji m'ligi yovomerezeka?

Musapite ku Chiwembe, mungotaya ndalama yoyendera. Yambirani ku komiti ya mpira ya m'boma lanu, yomwe ili pansi pa bungwe la m'chigawo chanu. Kumeneko mukalembetsa timu, mukalipira ndalama ya umembala, ndipo wosewera aliyense akalembedwa m'kaundula ndi chithunzi ndi chiphaso chake. Mukachita bwino m'ligi ya m'boma mumakwera kupita m'ligi ya m'chigawo, ndipo makwerero amenewo ndi omwe amathera m'ligi yaikulu. Chitipa United ndi Karonga United zinadzera momwemo.

Musanalembetse, khalani pansi muwerenge ndalama za chaka chonse, osati za yunifomu zokha. Matimu ambiri a m'midzi sagwa chifukwa chogonja pabwalo. Amagwa m'chigawo chachiwiri cha ligi, pomwe wamalonda yemwe analonjeza kulipira lole wasiya kuyankha foni, timu n'kulephera kufika kumasewero akoyenda kawiri katatu, mapointi n'kupatsidwa kwa anzawo. Muwerengere mafuta a ulendo uliwonse, chakudya cha anyamata, mipira, laimu wolembera mizere, maukonde a pagolo, ndi ndalama ya oyimbira, yemwe nthawi zambiri amafika pa kabaza ndipo wa kabazayo amadikira pambali pa bwalo kuti alipidwe masewero akatha.